Anamukumbira manda ali pachifuwa panga

Ndikudziwa kuti ena mukamva nkhani iyi munena kuti mayiyu wakometsera, chifukwa ngakhale achemwali anga enieni anayamba aseka kaye tsiku limene ndinawafotokozera, amvekere zoterozo zimachitika m'mafilimu basi. Koma ine ndikuti zinachitika, masanasana, ndipo amene anaona ndi maso awo alipo amoyo mpaka lero kunyanja uko kupitirira Khombedza. Mayina sinditchula, mudzi sinditchula, mpingo sinditchula, pakuti sindinapemphe chilolezo kwa aliyense komanso palibe amene ndikufuna kumuchititsa manyazi. Ndikungofuna ndiitule, chifukwa yandilemera zaka zambiri, ndipo mpaka pano ndikaona nsalu yoyera itayanikidwa pachingwe mtima umandithamanga.

Ine ndine telala, ndimasoka pakhonde lina pa boma la Salima, ndipo amene amandidziwa angakuuzeni kuti sindine munthu wokhala pansi. Chaka chimenecho kunali njala, ndiye mpingo wathu unalandira alendo ochokera kunja, azungu a mpingo mnzathu, amene anabwera kwa milungu ingapo kudzathandiza ana onyentchera. Abusa atalengeza kuti akufuna amayi odzipereka okaphika phala ndi kumasulira, dzanja langa linakwera m'mwamba ndisanaganize n'komwe kuti makina ndisiyira ndani. Bambo akunyumba anangopukusa mutu, amvekere Chingerezi chako chothyokathyokacho ukapha nacho anthu. Ndinaseka, n'kulongedza zitenje zanga ziwiri m'chikwama.

Anatipatsa nyumba ina yakale m'mudzi wa asodzi, nyumba ya malata imene kale ankasungiramo matumba a usipa, moti fungo linali lisanathe. Inali ndi chitseko chimodzi ndi zenera limodzi la zitsulo, ndipo kuseri kwake tinamanga kachisakasa kophikira. Mudziwo ambiri ndi Asilamu, ndipo ndinene poyera kuti anatilandira bwino. Ashehe awo, bambo wamtali wolankhula mosathamanga, anauza amayi kuti apite ndi ana, poti phala lilibe chipembedzo, bola tisabatize mwana wa munthu. Inali nthawi ya mvula, ku chilumba cha Mbenji atatseka usodzi, ndiye amuna ankangokhala padoko kusoka maukonde m'matumba muli mbee, ndipo ana ndi amene ankaonekera njalayo.

Ntchito yathu inali yoyeza ana pamkono ndi kalamba kamitundu, kuwapachika pasikelo, kuwagoneka pathabwa loyezera kutalika, kenako phala ndi chiponde. Amene afooka kwambiri galimoto inkawatengera kuchipatala cha pa boma. Wotsogolera zonsezi anali mayi wina wachizungu, namwino wopuma pantchito, wa imvi mutu wonse, amenenso sankadziwa kukhala pansi, moti tinagwirizana msanga ngakhale theka la zimene ankanena linkandidutsa. Mayiyu anabwera ndi makatoni a tinsalu toyera tofunditsa ana, tosokedwa ndi amayi a mpingo wa kwawo. Ine monga telala ndinatitembenuzatembenuza kusirira kapindidwe ka m'mphepete, n'kutibwezera m'katoni, ndipo tinangokhala momwemo chifukwa mayi aliyense ankabwera ndi chitenje chake.

Tsikulo mvula inayamba m'mamawa, ya mphepo yochokera kunyanja ija yolowa mpaka m'mafupa. Galimoto inali itapita ku boma ndi abusa kukasiya ana awiri odwalitsitsa, ndiye tinatsala ine, namwino uja ndi atsikana awiri achizungu amene ankathandiza kugawa phala. Chapakati pa tsiku kunabwera mayi wina atanyowa chenyechenye, ali ndi mwana wamkazi kumsana. Mwanayo akuti anali atakwanitsa zaka ziwiri, koma nditamulandira m'manja sindinamve kulemera kulikonse, mapazi okha otupa, tsitsi lofiira lothothoka, m'khutu mukutuluka mafinya, maso atamatana ndi manthongo. Ndipo sankalira. Inu amene munalerapo mukudziwa kuti mwana wolira samatiopsa, amatiopsa ndi amene wasiya kulira.

Mayi ake anandiuza monong'ona kuti anaika kale ana awiri, ndipo uyu kunyumba ankati ndi tsempho, anayesa mizu yonse mpaka bambo ake anatopa n'kuvomera kuti abwere naye kwa ife. Namwino atangomugwira nkhope yake inasintha. Anaimba foni kuti galimoto ibwerere msanga, n'kundiuza kuti ndiuze mayiwo kuti mwanayu wazizira kwambiri ndipo lero lomwe apita ku boma. Mayi aja anati ndiye athamange kaye kunyumba akatenge zovala zouma ndi kuuza amuna awo, ndipo anatuluka mvula ili mkati. Ine ananditumiza kuchisakasa kuti ndikafunditse madzi ena ndi kusungunulamo shuga, koma nkhuni zinali zonyowa, ndinauzira moto mpaka misozi, ndipo ndinachedwa ndithu.

Tsono tamverani zimene zinkachitika m'nyumba muja ine ndikulimbana ndi utsi, ndipo chilichonse mwa izi chinali chabwino pachokha. Namwino anamupukuta mwana uja ndi madzi ofunda a m'fulasiki chifukwa anali atadziipitsira. Anamupaka mankhwala m'maso. Anamuika thonje m'khutu muja motuluka mafinya. Anamugoneka pathabwa n'kumuwongola miyendo kuti amuyeze. Kenako poona kuti palibe chouma chilichonse, anatsegula katoni ija n'kumukulunga mu tinsalu toyera tija, thupi lonse mpaka kumutu, kungosiya kankhope ndi khutu lodwala lija. Atsikana awiri aja, pofuna kuthandiza mmene amadziwira, anaima m'mbali mwa thabwalo, kutsinzina, kupemphera, kenako n'kuyamba kanyimbo kawo kapansipansi kokoka.

Nthawi yomweyo n'kuti azakhali ake a mwanayo, mlongo wawo wa bambo ake, atafika pakhomo kudzaona mmene zikuyendera. Dziikeni inuyo pamalo pawo. Mwana wasambitsidwa, wagonekedwa pathabwa, thonje m'khutu, maso otseka, wakulungidwa mu nsalu yoyera, anthu amuzungulira akuimba motsitsa mawu. Kodi inu mukanati chiyani? Akuti analowa n'kupisa dzanja m'nsalu muja kugwira kaphazi, kali zii ngati madzi a mumtsuko. Sanafunse munthu, ndipo akanafunsanso m'chilankhulo chanji? Anatuluka manja ali kumutu.

Ine ndinangomva mfuu wa maliro. Ndinathamangira m'nyumba kapu ya madzi a shuga ili m'manja, ndipo nditaona zimene zinali pathabwa paja nanenso ndinatsala pang'ono kulira. Ndadulirapo anthu bafuta kangapo pakhonde panga, amuna obwera mwachangu osafuna kutsitsa mtengo, ndipo ndimadziwa kuti kwa anzathu Asilamu nsalu yoyera yokulunga munthu ndi sanda, chovala chopita nacho kumanda. Namwino ananditembenukira, akundifunsa mosalakwa kuti kodi mayi uja akulira chiyani. Ndinaika kapu pansi n'kutuluka kuthamangira azakhali aja, ndikukuwa kuti abwerere, mwana ali moyo.

Koma mfuu wa maliro ndani anaupitirirapo ndi miyendo? Nyumba iyi yaulandira, iyo yaulandira, posakhalitsa mudzi wonse unali ukulira, ndipo mawu anga ankangomveka ngati ndikulira nawo. Ndinaona amuna akukwera kuchokera padoko akuthamanga, ena nkhafi zili m'manja chifukwa ndi zimene anali atagwira. Ndinabwerera kuti ndikamutenge mwanayo ndiwaonetse, koma nditangolowa, mmodzi wa atsikana aja, ataona khamu la amuna likubwera ndi mitengo, anamenyetsa chitseko n'kukoka mpiringidzo. Sindimuda, anali mwana, anachita mantha. Koma chitseko chimenecho ndi chimene chinasandutsa maliro kukhala mlandu.

Bambo ake a mwana anafika pazenera, mwamuna wochepa thupi, ulusi wa ukonde ukadali m'khosi. Sanatukwane. Anangopempha kuti tiwapatse mtembo wa mwana wawo. Ndinawauza kuti palibe mtembo muno, mwana ali moyo, ndipo iwo anati ngati ali moyo alire amve. Ndinamunyamula n'kumufikitsa pazenera, koma kamutu kanangogwera kumbali, maso ali tseke akunyezimira mankhwala, thonje likuonekera, ndipo anthu kunja anabuula onse pamodzi. Namwino anatulutsa chipangizo chake chomvetsera mtima n'kuwapatsa kudzera m'zitsulo kuti amve okha, koma m'phokoso la mvula pamalata ndi kulira kwa amayi akanamva chiyani? Anachivula n'kuchigwetsa pansi.

Apa ndi pamene nkhani zinayamba kumera miyendo. Wina kumbuyo anati azungu amupopa magazi. Wina anati atseka chitseko kuti achotse ziwalo. Winanso anati ayi, akufuna akamuike chikhristu. Ndipo mayi wina anafika pazenera n'kundiuza, osati mwaukali koma ngati akundithandiza, kuti ndisavutitse anthu, anyamata apita kale ndi makasu kumanda. Mwina ena simudziwa, anzathuwa sagoneka maliro ngati ife, kwa iwo ulemu waukulu kwa womwalira ndi kumuika tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, makamaka mwana. Sankachita nkhanza, ankathamangira kuchita chimene amachitira aliyense amene amamukonda. Koma tanthauzo lake linali lakuti mwana amene ndinamunyamula anali akukumbiridwa dzenje.

Ndinafunsa namwino kuti bwanji tingowapatsa, amayi osambitsa maliro akazindikira okha kuti akupuma. Anandigwira mkono n'kundifotokozera pang'onopang'ono kuti ndimve: mwanayu watsala ndi kamoto kochepa kwambiri, akangotuluka mumphepo iyi, kumuthamangitsa kudutsa mudzi, kumuvula, kumugoneka pamphasa yozizira, afa zenizeni wina asanazindikire kanthu. Chofunika ndi kutentha kwa thupi la munthu ndi shuga, pompano. Ndinaona kuti iyeyo anali atanyowa ndi thukuta lozizira, ndiye sindinadikire kuti andipemphe. Ndinavula bulauzi, kumuchotsa mwana uja mu nsalu zoyera zija, kumuika pachifuwa panga khungu kukhungu n'kumumanga ndi chitenje, pamwamba n'kufunda juzi ya namwino.

Anthuni, kuzizira kumene kunandilowa pachifuwa sindidzakuiwala. Ndipo choopsa kwambiri pa tsiku lonselo sichinali khamu lija ayi, chinali chakuti inenso ndinayamba kukayika. Sindinkamva kupuma, sindinkamva kugunda, sindinkamva kugwedezeka kulikonse. Ndinkaviika chala m'kapu n'kumudonthezera pakamwa, madzi n'kungoyenderera patsaya. Namwino ankamvetsera ndi khutu pamsana pake n'kumagwedeza mutu kuti mtima ulipo, koma nanga ine ndinkaumva? Ndinadzifunsa kuti bwanji ngati mzunguyu akungodzilimbitsa mtima, bwanji ngati ndafungatira mtembo wa mwana wa eni ake ndipo ndikunamiza bambo ake pazenera? Ndikanadzauyankha bwanji mlandu umenewo, kwa anthu ndi kwa Mulungu?

Ndinalephera kukhala pansi. Ndinkayenda kuchoka pachitseko kufika kukhoma, kubwerera, kusuzumira pazenera, kubwereranso, ndikumusisita kamsana, ndikumulankhula zopanda mutu, kumulonjeza diresi, kumukalipira kuti asandichititse manyazi. Atsikana aja anali atakhala pakona atagwirana manja akulira. Foni inalira, abusa akuti galimoto yatitimira m'matope pakamtsinje kena ndipo akufunafuna anthu okankha. Mvula inayamba kukata, ndipo itangokata tinamva mwala woyamba padenga, kenako wachiwiri, kenako yambiri, malata akulira ngati atigwera. Kenako ndinamva fungo la petulo, uja amathira mu injini za maboti, likulowera pansi pa chitseko. Pamenepo ndinaganiza za ana anga awiri ku boma, ndipo ndinaopa moti mkodzo unatsala pang'ono kutuluka.

Amene anatipulumutsa ku moto ndi ashehe aja. Sindinaone mmene anafikira, ndinangomva phokoso likutsika, wina akukalipiridwa kuti achotse chigubu chake. Kenako nkhope yawo inaoneka pazenera.

"Mayi, inu ndinu wakuno, mukudziwa mwambo wathu. Ngati mwanayo ali moyo, tionetseni. Ngati wamwalira, musatichedwetse, dzuwa likupita."

Anati akupita ndi amuna kumzikiti kukaswali swala ya madzulo, ndipo akabwerako chitseko chitseguke, apo ayi iwo sadzathanso kuwaletsa anthu. Ambiri anawatsatira, ena anatsala atakhala pamiyala moyang'ana chitseko. Kunja kunayamba kuwala, kadzuwa kofooka kanalowa pazenera n'kugwera pansi, ndipo ine ndinkangokayang'ana kakusendera kukhoma. Ndinapemphera pemphero lopanda ulemu, lokhala ngati ndikukangana ndi wogula wokana kulipira, kumufunsa Mulungu kuti ananditengeranji pamakina anga kudzandiika pano.

Ndili mkati moyendayenda choncho ndinazindikira kanthu kena. Pachifuwa panga, pamene panali kamphuno kake, panali kadontho konyowa ndi kofunda. Ndinaima chilili osapuma. Patapita kanthawi ndinamva kampweya, kochepa moti ukanati ndi maganizo chabe, kenako zii, kenako kenanso. Ndinalira, koma kulirako sikunathetse kanthu, chifukwa kampweya kameneko ndinkakamva ndine ndekha, ndipo sukanakaonetsa munthu pazenera. Ndinadonthezanso madzi a shuga, ndipo ulendo uno sanayenderere onse.

Ndinaganiza kuti munthu mmodzi yekha m'mudzi monsemo ndi amene mawu ake angatseke pakamwa aliyense, ndiye mayi ake. Ndinapempha amene anali pafupi ndi zenera kuti akawaitane, koma anabwera n'kunena kuti akana, agona pansi pa mtengo wa mango pakati pa amayi anzawo atadzifunditsa kumutu, akuti anaona kale nkhope za ana awo awiri ndipo yachitatu sangathe. Ndiye ndinauza namwino kuti ndikutuluka. Anakana, anaima pachitseko, akuti mphepo, akuti andimenya. Ndinamuuza m'Chingerezi changa chothyokacho kuti chitseko chitseguka basi, kusiyana kwake n'kwakuti akatsegula anthu akunjawo mwana achoka pachifuwa panga. Anandiyang'ana, n'kundimanga juzi ija bwinobwino, kundipatsa kapu m'manja, ndipo anakoka yekha mpiringidzo.

Ndinatuluka nthawi imene amuna ankabwera kuchokera kumzikiti. Tangoganizani, mayi wamkulu ngati ine, wapabanja, kuyenda pakati pa amuna achilendo wopanda bulauzi, mapewa ali pamtunda, juzi ya mzungu itamangidwa mokhota, kapu m'manja. Koma manyazi ndinawakumbukira mawa lake. Pansi ponse panali ponunkha petulo. Bambo ake a mwana anabwera kutsogolo kwanga atatambasula manja, ndipo pamanjapo anali atayalapo kale kansalu kolandirira. Kumbuyo kwawo ndinaona anyamata awiri miyendo ili matope ofiira mpaka m'mawondo, makasu ali paphewa, ndipo ndinadziwa kuti ntchito yawo yatha.

Ndinagwada pang'ono n'kunena kuti, "Bambo, ndiloleni ndifike kaye kwa mayi ake. Akanena iwo kuti wapita, ndikupatsani ndi manja anga."

Sanasunthe. Ashehe ndi amene anawagwira paphewa n'kuwakokera pambali. Mtunda wochoka pamenepo kufika pamango paja ndi waufupi, koma ndinkayenda ngati ndasenza mtsuko wodzaza, kuopa kumugwedeza, kuopanso kuti mwina kampweya kaja katha ndili m'njira. Amayi anapatuka. Ndinagwada pambali pa mayi ake n'kuwaitana. Ndinawafundukula, anatembenukira kumbali. Ndiye ndinachita mwano umene sindinachitirepo munthu wolira, ndinawagwira dzanja mwamphamvu n'kulikoka, kuviika kachala kawo kakang'ono m'kapu muja n'kukalowetsa m'chitenje mwanga mpaka m'kamwa mwa mwana.

Palibe chinachitika. Ndinkamva dzanja lawo likufuna kuthawa, ine n'kulikanikiza. Wina kumbuyo anayamba kunena mawu awo achiarabu aja a pamaliro, ena n'kumuyankha. Ndinaona mthunzi wa bambo aja ukuyandikira. Mumtima ndinati basi, ndalephera, ndawazunza anthuwa pachabe. Kenako dzanja la mayi aja linasiya kukoka. Anadzuka pang'onopang'ono n'kukhala tsonga, maso ali pa ine koma osandiona, ngati munthu amene akumvetsera chinthu chakutali.

"Akuyamwa," anatero, motsitsa mawu. Kenako anatembenukira amuna awo. "Bambo ake, akuyamwa."

Zimene zinatsatira ndimazikumbukira mosokonekera. Mayi aja anang'amba bulauzi yawo n'kumulanda mwanayo pachifuwa panga kumuika pa chawo, amayi ena anavula zitenje zapamwamba n'kutizungulira kutchinga mphepo, ndipo wina anandiponyera mpango kuti ndibise mapewa. Bambo aja anakhala pansi m'matope momwemo, kansalu kaja kali m'manja. Azakhali aja ankangobwerezabwereza kuti anagwira okha phazi, anagwira okha, ndipo palibe amene anawadzudzula. Wa chigubu cha petulo sanaonekenso. Namwino anabwera n'kugwada pakati pathu kumadontheza madzi aja, ndipo amayi omwe aja ankati wapopa magazi anamusendera kuti akhale bwino. Galimoto inafika dzuwa litapendeka, ili matope mpaka pamagalasi, n'kunyamula mwana, mayi ake ndi namwino.

Mawa lake bambo aja anabwera okha kunyumba ya malata ija. Ndinaganiza kuti abwera ndi mlandu, koma anangopempha tinsalu toyera tija tinakulunga mwana wawo. Anati akuluakulu anena kuti dzenje lokumbidwa silisiyidwa lili kukamwa, ndiye akaikamo thunthu la nthochi, ndipo iwo akufuna alikulunge mu nsalu zomwezo kuti zipite ndi zimene zinaitana. Ndinawapatsa. Namwino atabwerako ndinamufotokozera zonse, za sanda, za thonje, za thabwa, ndipo mayi wamkulu uja anakhala pansi koyamba chifikireni n'kulira, akuti amayi a kwawo anasankha zoyera dala kuti zizioneka zaukhondo. Zotsala m'makatoni ndinapita nazo ku boma n'kukaziviika mu utoto wobiriwira, ndipo zinafunditsa ana ambiri popanda wodandaula.

Mwana uja anakhala kuchipatala nthawi yaitali, ndipo azungu anabwerera kwawo asanatuluke. Ine ndinabwerera pamakina anga, koma kwa miyezi ndinkangodzidzimuka, ndikasoka pang'ono ndadzuka, ndipo ana anga anatopa nane chifukwa akangogona masana ndinkawaika chala pamphuno. Papita zaka tsopano. Chaka chatha ndikuchokera ku ukwati, minibasi yathu inaima pa Khombedza, ndipo mayi wina anagogoda pagalasi n'kundigwira dzanja osalisiya. Ndinawazindikira ndi maso, anali mayi ake a mwana uja. Anandilozera mtsikana wina wovala mpango wakuda, wa masaya ake, atanyamula beseni la usipa, akukangana ndi kondakitala mokweza mawu moti msika wonse unkamumva. Anati ndi yemwe uja, ndipo anadandaula moseka kuti pakamwa sipatseka, amalankhula kuyambira m'mawa mpaka kugona. Minibasi inanyamuka ndisanatsike, ndipo ndinalira mpaka ku Salima, anthu n'kumaganiza kuti ndikuchokera kumaliro.

Ena ndikawafotokozera amafuna ndinene kuti olakwa anali azungu, ena amafuna ndinene kuti anali Asilamu, ndipo amakhumudwa ndikakana. Chimene ndimakhulupirira ine n'chakuti tsiku lija panalibe mfiti kapena munthu woipa mtima, kupatula mwina wa petulo uja, ndipo n'chifukwa chake limandiopsa mpaka lero, poti mwana akanalowa m'manda ali moyo m'manja mwa anthu omufunira zabwino okhaokha. Ndimakhulupiriranso kuti Mulungu amene ndinkakangana naye m'nyumba muja ndi yemweyo amene anthu aja anapita kukamupempha kumzikiti, ndipo anatimvera tonse.

Ndiye inu amene mumapita kukathandiza m'midzi ya eni ake, kaya mwachokera kutsidya kwa nyanja kaya pa boma pompa, musanatsegule makatoni anu yambani mwafunsa eni mudzi kuti zimene mwanyamulazo kwawo zimatanthauza chiyani, ndipo zivute zitani musadzatsekere kholo chitseko mwana wake ali mkati. Nanunso amene mumafulumira kuika manja kumutu, phazi lozizira si imfa. Musanakuwe, muikeni mwanayo pachifuwa, mum'patse chala m'kamwa, ndipo mudikire ndithu, chifukwa kumanda ena kunyanja uko kuli kamtumbira ka thunthu la nthochi, ndipo mwini wake akugulitsa usipa pa Khombedza.